Masamba Omaliza Anali kwa Amalume

M'kabati mwanga, pansi pa masatifiketi ndi makadi a kusikelo a ana anga, muli envulopu ya khaki yomwe inafewa ngati nsanza. M'kati mwake muli masamba asanu ndi anayi a buku la Chingerezi. Buku lenilenilo ndilibe. Ndinatsala ndi mathero okha, odulidwa bwinobwino ndi leza m'mphepete, achikasu, onunkha fumbi ndi katoni yonyowa. Ndikawanunkhiza ndimamva mvula pa malata a ku Mbayani, chaka chimene bambo anamwalira ine ndili mu Sitandade 7.

Amene anawadula ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Masiku amenewo mavenda anali akadali mbwee m'misewu ya m'tauni, ndipo amalume ankayala mabuku akale pakhonde la sitolo ina pafupi ndi pokwerera minibasi. Mabuku a sukulu ndi a chikondi ankagulitsa. Koma mabuku oopsa, a mizukwa, a nyumba zolodzedwa ndi a anthu obwerako kumanda, sankagulitsa ngakhale uwanyengerere bwanji. Amenewo ankangobwereketsa. Ndipo poti ankadziwa mmene anthu a mu Blantyre amachitira ndi chinthu chobwereka, anapeza njira yawoyawo. Buku loopsa likangofika, ankatenga leza n'kudula masamba omaliza, n'kuwaika mu envulopu yolembedwa nambala. Ukafuna kudziwa mmene nkhani yathera, unkayenera kubweza buku, n'kukhala pa kreti pambali pawo, n'kuwerengera pomwepo mathero, makondakitala akukuwa kumbuyo kwako. Zaka zonse zimene anayala pakhondepo, buku loopsa lomwe silinabwerere ndi limodzi lokha, ndipo linasowera m'manja mwanga.

Pa kreti imeneyo pankakhala anthu amitundumitundu: alonda, namwino wina wa magalasi, anyamata a kusekondale, ngakhalenso aphunzitsi anga a Chingerezi. Aliyense anali ndi wolemba wake wa pamtima, ndipo ankakangana ngati akukamba za mpira. Maina a olembawo anali opotokola lilime, choncho amalume anawapatsa awo. Panali Chimagazi, wa mabuku onenepa ngati njerwa, yemwe pofika tsamba la khumi wina anali atadulidwa kale mutu. Panali Abusa, yemwe m'buku lake lililonse munali tchalitchi ndi chiwanda, ndipo pamapeto chiwandacho chinkagonja. Ndiye panali Mayi Chete, wa timabuku topyapyala momwe simunkachitika kanthu, koma ukamaliza unkaopa ndi kabati yomwe ya m'nyumba mwako. Amalume anali a Chimagazi kufa nawo. Ankati buku loopsa lopanda maliro khumi ndi kutaya mapepala.

Bambo anali telala. Anadwala masabata awiri okha mu Novembala, mvula yoyamba isanagwe, ndipo monga mwa Chisilamu chathu, anamwalira m'mawa, pofika madzulo tinali titaika. Tsiku lomwelo amayi analowa eda. Eda ndi nthawi imene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba ya mwamuna wake miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzikongoletsa, osayendayenda, ndipo palibe mwamuna wololedwa kumufunsira. Ndinadzamva nditakula kuti kwina amaifewetsa, mkazi atha kutuluka ngati pali chifukwa chenicheni. Kwathu azimayi akuluakulu a kumzikiti anaiumitsa, malire a amayi anali mpanda wozinga bafa ndi chimbudzi. Anavula ndolo ndi zibangili, anavala nsalu yotuwa. Mayi yemwe ankagulitsa zitenje mumsika wa Ndirande, wa mawu omveka mpaka kwa ogulitsa nkhuku, anasanduka munthu wonong'ona m'zipinda ziwiri.

Ine ndinkaona ngati ndende ndi edayo. Ndinatenga choko cha bambo cholembera pansalu, cha buluu chija, n'kumalemba kamzere kamodzi kuseri kwa chitseko m'mawa uliwonse. Chomwe akuluakulu onse ankadziwa, ine ndekha osadziwa, n'chakuti nyumba yathu inali pa malo a bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo. Iwo ndi amene anayamba kubwera m'tauni, ndipo dzina lodziwika kwa amfumu a deralo linali lawo, ngakhale njerwa iliyonse anaumba ndi bambo ndi amayi. Bambo aakuluwo anali ndi mkazi kale ku Chilomoni. Koma anali atatumiza mawu kudzera kwa azakhali kuti eda ikatha, amayi akafuna kukhalabe m'nyumbamo ndi mwana, akhalemo monga mkazi wawo wachiwiri. Sindinganamizire chipembedzo, pamenepa panali mtima wa munthu basi. Ndiye masiku amene ine ndinkawathamangitsa ndi choko anali masiku okhawo amene munthu ameneyu sakanatha kuwaumiriza amayi kuti ayankhe.

Amalume, poti anali mlongo wawo, ankaloledwa kulowa. Ankabwera Lamlungu lililonse ndi ufa, matemba, ndi katoni ya mabuku pa phewa, akuti kwawo kukudontha, mabuku angawole. Ankasiya katoni ina n'kutenga ina. Umo ndi mmene mizukwa inalowera m'nyumba ya maliro. Tsiku lina masana amayi anandipeza nditadzipinda pakona ndi buku la chithunzi cha dzanja lotuluka m'dothi. Ndinadikira mbama. Iwo analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pansi pa mphasa.

"Zikuti chiyani m'menemo?"

Sukulu anailekezera Sitandade 4, Chingerezi chawo chinali cha kumsika. Choncho tinayamba: ine kuwerenga mzere, n'kuutembenuza m'Chichewa, pena kungopeka pamene mawu andikanika. Nthawi yathu inali ndikabwera kusukulu, ndisanapite ku madrasa. Mvula ikalimba pa malata ndinkachita kukuwa, ndipo zinthu zimene wolemba anafuna kuti zinenedwe monong'ona zinkatuluka ngati ndikuitanira malonda. Tikamva odi wa azimayi a kumzikiti, buku linkalowa m'dengu la zidutswa za nsalu, amayi n'kugwira tasibihi yawo, mikanda yopempherera ija, ngati akhala akuiwerenga kuyambira m'mawa.

Tinayamba ndi Chimagazi. Pa tsamba lina pamene chilombo chinang'amba munthu, amayi anaseka, koyamba chimwalirire bambo. Anati ameneyu sanaphepo ngakhale nkhuku, magazi samatuluka choncho. Abusa anawatopetsa, ankati ndi wachifundo, akuopa kuti tilira. Kenako mu Januwale ndinatulutsa kabuku kopyapyala ka Mayi Chete, kopanda chikuto, ndipo kuseka kuja kunatha.

Nkhani yake inali ya mkazi yemwe mwamuna wake atamwalira anatsala yekha m'nyumba ya mazenera khumi ndi awiri, kudziko lozizira kwambiri. Lachinayi lililonse masana pankabwera bambo wina waulemu, wovala chipewa, n'kugogoda. Ankabweretsa kamphatso, lero buledi, sabata ina sopo. Sankalowa. Ankangofunsa za moyo, n'kunena kuti pakasowa chilichonse amuuze. Akachoka, mkazi uja ankapeza zenera limodzi palibe. Osati kusweka ayi. Pamalo pake pankangokhala khoma losalala, la penti wakalekale, ngati sipanakhalepo zenera chimangire nyumbayo.

Nditafika pa zenera loyamba, manja a amayi anaima m'lichero momwe ankasankha mpunga. Anandiuza kuti ndibwerezenso. Kuyambira tsiku limenelo anaika lamulo: masamba anayi patsiku, osapitirira. Ine zinkandipweteka, ndinkafuna kulimeza lonse. Iwo ankati chinthu chabwino sachimaliza tsiku limodzi, koma nkhope yawo sinali ya munthu amene akumva zabwino.

Bambo aakulu ankabwera Lachisanu, akatuluka ku swala ya Juma, atavala mkanjo woyera wositidwa bwino. M'nyumba sankaloledwa, choncho ankakhala pakhonde pa mpando wa bambo, amayi ali kuseri kwa katani ya pakhomo. Ankabweretsa shuga, buledi, sopo, ndi bisiketi yanga.

"Alamu, muli bwanji m'menemo?"

"Tili bwino, alamu."

"Pakasowa chilichonse munene. Ndife amodzi."

Ndinene zoona, ine ndinkawakonda. Mawu awo anali a bambo enieni, ngakhale katsokomoledwe. Ndikatseka maso pakhondepo ndinkamva ngati maliro aja anali bodza. Ndiye sindinaone cholakwika pamene anatenga makina osokera kuti akawasunge, akuti achita dzimbiri ndi chinyezi. Sabata ina anatenga njinga, akuti akuba a ku Mbayani kuno sachedwa. Sabata ina wailesi. Tsiku lina anayenda kuchokera pa mtengo wa mango mpaka pampanda akuwerenga mapazi chamumtima, ine ndikuwatsatira pambuyo ndi bisiketi m'kamwa, ndikuwatsanzira. Lero ndimachita manyazi ndikakumbukira. Ndinkawerenga buku lija tsiku ndi tsiku, mokweza mawu, m'zilankhulo ziwiri, koma osaona kanthu. Kwa ine woipa m'nkhanimo inali nyumba, ndipo bambo wa chipewa anali munthu yekhayo amene ankamukumbukira mkazi wosaukayo.

Chimene chinandiopsa ine ndi zinthu zina zimene zinkasowa popanda kuona wozitenga. Mbale za alendo zinachepa. Poto wamkulu wophikira mpunga wa pa Idi anasowa. Mulu wa zitenje za malonda, umene unkafika m'chiuno mwanga, unatsika mpaka m'mawondo. Nditafunsa, amayi anati, "Ukuwerenga mapoto anga ndiwe apongozi?" Mumtima ndinadziwa kuti nyumba yathu nayo yayamba. Mazenera athu anali atatu okha. M'mawa uliwonse ndisanalembe kamzere ka choko ndinkawayendera onse, n'kugwira galasi lililonse ndi chikhatho kuti nditsimikize.

Ndiye Lachisanu lina ndinabwera kusukulu n'kupeza pabalaza pali mdima. Zenera loyang'ana pakhonde panalibe. Nditayandikira ndinapeza kuti ndi bulangete la bambo, amayi alikhomera ndi misomali pamwamba pa zeneralo. Sananene chifukwa, ndipo ine sindinalumikize ndi mpando wa pakhonde, umene sabata yapitayo unasunthidwa kufika pansi pa zenera lomwelo. Kuyambira pamenepo m'nyumba munkanunkha chinyezi, utsi wa mbaula ndi zovala zosauma. Nkhungu inamera m'munsi mwa khoma. Ndinasiya kupita kukasewera fulaye ndi anzanga, ndinkaopa kuti ndikadzabwera ndipeza chitseko palibe, amayi ali m'kati.

Kusukulu ndinkapita nalo bukulo mobisa, ndikuwerengeratu za mtsogolo. Aphunzitsi anandigwira nalo pansi pa desiki. Anali mayi wa ku Mulanje, wopemphera kwambiri kutchalitchi kwawo, wa mtima wapachala. Analitembenuza, anaona podulidwa ndi leza paja, ndipo m'malo mwa chikwapu ndinaona akubisa kumwetulira. Anandiitanira panja.

"Wafika pa zenera la chingati?"

"Atsala atatu, madamu. Chonde ndiuzeni, kodi anatuluka?"

"Ine ndinakakhala pa kreti ngati wina aliyense. Nawenso udzakhale."

Anandifunsa ngati amayi akudziwa kuti ndikuwerenga zoterezi. Ndinawauza kuti ndi iwo amene ndimawawerengera. Za maliro athu ankazidziwa, ndipo ndikuganiza kuti ankadziwanso zambiri. Anandibwezera buku n'kunena kuti ndiziwawerengera bwino, ndisamalumphe paliponse. Anawonjezera kuti ndikawauze amalume kuti Chimagazi wawoyo ndi wa ana, wolemba weniweni ndi mayi ameneyu.

Buku linatha kutatsala masabata anayi kuti eda ithe. Linathera pakati pa chiganizo. Mazenera onse anali atapita, kunatsala chitseko chokha, ndipo munthu uja anali akugogoda. Ndinapempha amalume kuti abweretse envulopu, ndinachita kugwada. Anati lamulo ndi lamulo, olo akhale achemwali awo enieni. Ndinawaona ngati munthu wouma mtima kuposa onse mu Blantyre. Amayi anangoti, "Tidzakawerengera pa kreti."

Apa ndi pamene ndinalakwa. Ndinkaona amayi akuonda, akukhala maola osayankhula, maso ali pa katani. Ndinaganiza kuti chikuwadya ndi kusadziwa mathero. Loweruka lina ndinatsika kutauni wapansi, ndinazungulirazungulira, n'kubwerera. Ndinawanamiza kuti amalume andimvera chisoni, andilola kuwerenga, ndipo ndiwafotokozera. Mathero ndinali nditawapeka m'njira monse. Ndinati bambo wa chipewa uja anali m'bale wake wa malemu, wotumidwa kudzamupulumutsa. Ndinati mkazi uja anatsegula chitseko n'kumuuza kuti alowe, ndipo atangoponda m'nyumba mazenera onse anabwerera, dzuwa linalowa, anamwa tiyi. Ndinkanena monyadira. Mpaka ndinamuveka mkanjo woyera, munthu wa kudziko lozizira.

Amayi anaika lichero la mpunga pansi. Anandigwira pamkono mwamphamvu moti zikhadabo zinalowa.

"Akutuma ndani? Abambo ako aakulu?"

"Ayi, amayi."

"Akuuza kuti udzandiuze zimenezi?"

Ndinayamba kulira, n'kuulula kuti ndapeka ndekha. Anandisiya. Ndinkayembekeza kukalipiridwa chifukwa cha bodza, koma mawu awo anatsika kwambiri.

"Iweyo ukufuna alowe?"

Ndinaganiza kuti tikukamba za m'buku. Ndinati eya, ndikufuna alowe, nyumba iwale, mkaziyo asakhalenso yekha. Amayi anadzuka n'kupita kubafa kuseri, komwe kunali malire awo, ndipo anakhalako nthawi yaitali mvula ikuwagwera. Mpunga uja nkhuku za aneba zinalowa n'kuyamba kujompha.

Zaka zambiri zitapita amalume anandiuza zomwe zinatsatira. Iwo ndi amene ankatulutsa mbale, mapoto ndi zitenje, pang'onopang'ono, m'makatoni a mabuku aja. Kunyumba kwawo sikunkadontha n'komwe. Anali atapeza chipinda ku Bangwe, ndipo envulopu sankabwera nayo chifukwa amayi ndi amene anawaletsa. Koma Lamlungu lotsatira bodza langa, amayi anawauza kuti katoni aisiye kaye. Anati mwana akufuna nyumba ya bambo ake, mwina iwo akungodziganizira okha. Masabata awiri athunthu anali atatsala pang'ono kuvomera, chifukwa cha ine ndi tiyi wanga wopeka. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, ndipo amayi sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi.

Lachisanu lomaliza bambo aakulu anandipeza pakhonde ndikuwerenganso bukulo. Analitenga m'manja mwanga mofatsa, monga ankatengera zinthu zonse. Analitembenuzatembenuza, anafunsa kuti ndi la kusukulu. Ndinati ayi, ndi la nyumba yodya mazenera. Anaseka pang'ono, n'kuyang'ana ku katani.

"Alamu, mtsikanayu wakula. Mabuku a ziwanda, Chingerezi, kutauni yekha. Zimenezi zitha ndikalowa muno. Azakhali ake kumudzi akusowa wowathandiza."

Analiika m'thumba la mkanjo, akuti akalisunge. Anandisisita pamutu n'kundipatsa bisiketi. Ndinaona katani ija ikugwedezeka pang'ono ngati wina waigwira. Ine chomwe chinandidetsa nkhawa ndi chimodzi: popanda buku lobweza, amalume sadzatipatsa mathero. Lamlungu amalume atabwera, amayi anangowauza mawu atatu, "Katoni ija tengani," ndipo amalume anatuluka nayo itawapinda msana.

Eda inatha Lachiwiri, kumayambiriro kwa Epulo, mvula itayamba kulekeza. Ndinalemba kamzere komaliza, choko chitatsala kachidutswa kosagwirika. Azimayi a kumzikiti anabwera m'mawa, anachita mapemphero awo, amayi anasamba. Achibale a bambo anali atapangana kuti akumana pakhomo pathu madzulo, ikatha swala ya Asiri, kuti amve yankho. Azimayi aja atangochoka, amayi anavala ndolo zawo, anamanga chitenje chofiira chimene anachibisa pansi pa matiresi, n'kundiuza kuti ndisavale yunifolomu.

"Tiye kutauni. Tili ndi buku loti timalize."

Kuchokera ku Mbayani kufika m'tauni si patali, koma tinayenda nthawi yaitali. Amayi ankayenda ngati munthu wotuluka m'chipatala, dzanja lili pamphumi kutchinga dzuwa. Anapuma kawiri, koyamba pa kamlatho, kachiwiri pansi pa mtengo pafupi ndi ogulitsa makala. Anthu ankawapatsa moni, iwo n'kumayankha ndi mawu amene ankakula pang'onopang'ono, ngati akuwakumbukira. Ine ndinkadumpha matope kutsogolo, wosangalala kuti ndende yatseguka, ndipo sindinazindikire kuti potseka chitseko makiyi anawasiya pomwepo.

Amalume atationa anachotsa mnyamata wa kusekondale pa kreti, n'kuipukuta ndi kapu yawo. Ndinayamba kufotokoza za buku lotengedwa, koma anandidula. Anati lero lokha lamulo lapita ku holide. Anatulutsa envulopu. Amayi anakhala pa kreti, ine ndinagwada pambali pawo pa simenti, ndipo ndinawerenga pakati pa mahutala, fungo la chipisi ndi utsi wa minibasi.

Mkazi uja sanatsegule tsiku limenelo. Anazindikira zonse, analongedza chikwama, anaganiza zothawa. Koma anati adikire kaye kuzizira kuthe. Kutatha, anati sangachoke nyumba ya mwamuna wake ili yakuda, ayambe wakolopa. Atakolopa, anati si ulemu kuchoka osatsanzika munthu amene wakhala akumubweretsera buledi, adikire Lachinayi limodzi lokha. M'mawa wa tsiku limenelo ananyamula chikwama chake n'kupita pakhomo, ndipo anapeza khoma losalala, la penti wakalekale. Ali chiimire, anamva mpando ukukokedwa kumbuyo kwake, ndi mawu aulemu akufunsa ngati pali tiyi.

Masamba anathera pamenepo. Ndinakwiya naye Mayi Chete, ndinaona ngati watibera miyezi yonse ija. Amayi sanadabwe n'komwe. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za matenda omwe ankawadziwa kale.

"Anachedwa," anatero.

Amalume anayesa kupeputsa zinthu, anafunsa ngati tsopano avomereza kuti kwa Chimagazi anthu amafa mwachangu, osavutika. Amayi anati Chimagazi amalembera anthu amene sanaopepo kanthu. Kenako anatambasula dzanja.

"Achimwene, makiyi."

Ku Mbayani sitinabwerereko. Tinakwera minibasi ya ku Limbe, kenako ya ku Bangwe, ine nditafumbata envulopu imene amalume anati ndisunge poti buku lake lapita. Chipindacho chinali chimodzi, kuseri kwa chigayo, khoma lake likunjenjemera chigayo chikalira. M'kati munali mapoto athu, mbale za alendo, zitenje, sizasi ya bambo, zonse zili m'makatoni a mabuku. Zenera linali limodzi, laling'ono, lamatabwa. Amayi asanakhale pansi, asanamwe ndi madzi omwe, analikankha n'kulichirikiza ndi kamtengo.

Ine ndinalira mpaka mawu anasasa. Ndinalirira mtengo wa mango, mpando wa bambo, mizere yanga ya choko, ndi mawu aja a pakhonde amene ankafanana ndi a bambo. Ndinawanena amayi mawu amene mwana sayenera kunena. Ndinati buku lawapusitsa, ataya nyumba yabwinobwino chifukwa cha nthano ya mzungu yemwe sakuwadziwa n'komwe. Sanandimenye. M'mawa mwake anandiperekeza kukandipezera malo pa sukulu ya pafupi, kenako anasenza zitenje zawo kukafuna poyala.

Kwa zaka zingapo ndinkakhulupirira ndithu kuti masamba asanu ndi anayi aja ndi amene anatilanda nyumba. Sindinkadziwa kuti makiyi a ku Bangwe anali m'thumba la amalume kalekale, ndiponso kuti mizere imene ine ndinkailemba mosangalala kuseri kwa chitseko, amayi ankaiwerenga ndikapita kusukulu, mtima uli m'mwamba. Juni atafika, chiperoni chinkalowa pa kazenera kaja mpaka mano kugundana, ndipo ine ndinkachotsa kamtengo kaja mobisa. Amayi akabwera kumsika n'kupeza latsekedwa, ankaima pakhomo osalowa, katundu ali pamutu, mpaka nditalitsegula. Ndinkangoti ndi kuuma mutu kwa anthu akuluakulu.